Nthaka Inauzidwa Miyezi Inayi

Lachinayi m'mawa magetsi atangozima, Badriya anakokera kampando pamthunzi wa khoma, beseni la therere lili pakati pa miyendo. Ankalidula mitu n'kumalitunga pa ulusi ndi singano yaikulu yosokera matumba, kuti akalipachike padenga liume. Dzuwa la Ogasiti limaumitsa therere masiku atatu okha, ndipo iye ankafuna kuti ntchitoyi imuchoke m'manja lisanafike Loweruka. Loweruka linali tsiku lokafukula mwana wake Maitham ndi kupita naye kumanda a mumzinda wopatulika wa Najaf.

Zonse zinali zitakonzeka. Nsalu yoyera yatsopano inali m'kabati, botolo la madzi onunkhira maluwa lili pambali pake. A Haji Lafta okumba manda anali atavomera kufika ndi fosholo dzuwa lisanatenthe. Falah wa minibasi anali atamanga kale zitsulo pamwamba pa galimoto poti padzakhale bokosi.

Ulusi wachitatu uli pakati, wina anagogoda pa geti.

"Odi kuno! Make Maitham, mulipo?"

"Ndipita kuti ine? Kankhani, n'losakhoma."

Anali Falah, koma wapansi. Munthu amene amaliza galimoto ngakhale pokagula buledi pakona, lero wabwera wapansi, makiyi ali m'manja. Badriya anasiya singano ili m'therere momwemo.

"Wailesi simunamve, mayi?"

"Pa magetsi ake ati?"

"Zayambiranso. Ku Najaf, kuyambira m'bandakucha. Anyamata a zovala zakuda alowa m'manda ndi mfuti, asilikali achilendo abweretsa akasinja ndi mahelikopita."

"M'manda? Dziko lonseli asowa pomenyanirana?"

"M'manda momwemo, pakati pa akufa. Msewu autseka pawiri." Falah anapukuta thukuta ndi nsalu ya kumutu. "Loweruka ine sindipita. Ndili ndi ana asanu."

"Lolemba miyezi inayi ikukwana, Falah."

"Ndikudziwa. Ndinalipo ine, ndinamva ndi makutu angawa. Aphunzitsi amuna anuwo akanangonena chaka ngati anzawo..."

"Pitani bwino," anatero Badriya. "Mutseke geti."

Maitham anafa mu Epulo, pa chipwirikiti choyamba. Sanali wa gulu lililonse. Ankakonza mafani ndi makina oziziritsira m'nyumba pa kashopu ka kuseri kwa msika, ndipo tsikulo anatuluka kukafuna gasi wophikira chifukwa amake anamukalipira kuti m'nyumba mwadzaza amuna koma moto mulibe. Chipolopolo chinamupeza akudumpha msewu waukulu, botolo la gasi lili paphewa. Chinali cha ndani, palibe anadziwa. A zakuda anati cha achilendo. Achilendo anati afufuza.

Anthu a kwa Badriya saikidwa kwina koma ku Najaf, pafupi ndi manda a woyera mtima Imam Ali. Agogo ake a Maitham ali kumeneko, amalume ake awiri amene anatsala pa nkhondo ya Iran ali kumeneko, malo a banja anagulidwa kalekale. Koma sabata imeneyo msewu unali wotseka, kunja kunali kutayamba kutentha, madzi oundana anali atatha pamsika. Ndiye anachita zimene anthu amachita zikatere. Anamuika mosungitsa, pabwalo la mpira kuseri kwa sukulu, pamodzi ndi ena khumi ndi mmodzi.

Poika munthu mosungitsa, mwini maliro amagwada, n'kuika dzanja pansi, n'kuiuza nthaka kuti uyu si wako, tikungokusungitsa kwa nthawi yakutiyakuti. Ashehe amati zimenezo mulibe m'mabuku. Koma amayi onse a m'deralo amadziwa kuti nthaka imamva, ndipo siligwira thupi mpaka nthawi yonenedwayo itakwana. Badriya ali mtsikana anaona azakhali ake akufukulidwa patatha miyezi isanu ndi iwiri, nsalu ili mbee ngati aikidwa dzulo. Nthawi ikakwana, nthaka imayamba kudya. N'chifukwa chake munthu wanzeru amanena nthawi yaitali. Mabanja ena onse ananena chaka. Wina mpaka ananena zaka ziwiri.

Radhi, mwamuna wake wa Badriya, ananena miyezi inayi.

Radhi anaphunzitsa masamu zaka makumi atatu. Achilendo atalanda dziko n'kunena kuti dera lililonse lisankhe khonsolo, anthu anakweza manja pa dzina lake, iye n'kukhulupirira zonse. Anakhulupirira kuti mu Juni, achilendo akabweza boma kwa eni dziko, mfuti zikhala chete. Anawerengera ngati samu ya pa bolodi: Juni boma, Julaye bata, Ogasiti msewu. Juni anafika, boma linabwezedwa papepala, akasinja anakhalabe pamlatho. Msewu unatsekukadi, koma chikalata chololeza kufukula chinayenda m'maofesi masabata asanu ndi awiri, chinangotuluka Lachiwiri lapitali.

Radhi anafika kunyumba masana, jekete lili pamkono, fayilo ya khonsolo ili kukhwapa. M'fayilomo munali mapu a ngalande za zonyansa zimene ankati akumba chaka chino. Anakhala pakhonde osavula nsapato.

"Mwamva?"

"Ndamva. Falah wabwera wapansi."

"Pa anthu asanu ndi anayi a m'khonsolo takumana anayi. Atcheya athawira kumudzi kwa apongozi awo. Awiri apeza makalata pansi pa zitseko, chipolopolo chili m'kati. Kupolisi theka avula yunifolomu, akuti onse atsegula m'mimba tsiku limodzi."

"Sindinafunse za khonsolo ine, bambo a Maitham."

"Ndapita kwa kaputeni wa achilendo."

"Ndiye?"

"Ndaima pa geti maola awiri. Womasulira wawo wathawa dzulo, ndiye timangolankhulana ndi manja. Mapeto ake andipatsa aka." Anatulutsa kapepala ka Chingerezi kokhala ndi chidindo. "Tikaonetsa pa malodibuloko awo atilola kudutsa. Akutinso ndisachoke m'khonsolo, ino ndiyo nthawi yoti anthu olimba mtima aoneke."

Badriya anakagwira ndi zala ziwiri ngati thewera.

"Nanga pa malodibuloko a enawo? Akakapeza m'thumba mwanu ndidzafuna mabokosi awiri. Galimotoyonso ili kuti? Kapepalaka kali ndi matayala?" Anadzuka n'kukakaponya mu uvuni wa buledi. "Mwana wagona pansi pa golo, Lolemba nthaka iyamba kumudya, inu mukundibweretsera Chingerezi."

"Ashehe anati zimenezo n'zonena za amayi chabe."

"Ngati n'zonena chabe, bwanji mumawerenga masiku pa kalendala mukamaona ngati sindikukuonani? Mapensulo anu atha ndi kudula manambala."

Radhi anangoyang'ana nsapato zake.

Dzuwa litapendeka, Badriya anafunda nsalu yake yakuda, n'kutenga jagi ya madzi, ulendo wa kubwalo la mpira. Ankapita Lachinayi lililonse. Mitumbira khumi ndi iwiri inali m'mizere iwiri pafupi ndi golo la kum'mawa, uliwonse ndi thabwa la dzina. Ana a sukulu anasiya kusewerapo, koma mizere ya laimu inkaonekabe, ndipo wa Maitham unali ndendende pamene goloboyi amaima. Anathira madzi pang'onopang'ono, nthaka n'kumamwa msangamsanga ngati munthu wochokera kutali. Kumutu kwa mtumbira kunali nyerere, mzere wautali, zikulowa m'kaboo. Sabata yatha kunalibe. Anazifafaniza ndi phazi, n'kuthirapo madzi otsala.

Kenako anamva. Ngwe, ngwe, ngwe. Ogulitsa gasi amayenda ndi ngolo akumenya botolo ndi sipanala kuti amayi atuluke. Chiyambire Epulo Badriya ankalimva phokoso limeneli paliponse, ali kubafa, ali pamzere wa ufa, ali pakati pa mapemphero, ndipo akatuluka kukayang'ana ankapeza msewu uli zii. Lero linamveka pafupi, chapansipansi. Sanatembenuke. Anadziwa kuti kulibe ngolo, gasi anali atasowa m'tauni monse.

Podzutsa mutu ndi pamene anaona nsalu yakuda itamangidwa pa mitengo ya golo. Panali zithunzi khumi ndi ziwiri. Cha Maitham chinali cha pa chiphaso, chija anajambulitsa atameta moipa, koma wina anali atamujambulira kansalu kobiriwira pamphumi ndi mfuti pachifuwa.

"Azakhali, Mulungu akupatseni kupirira."

Anali Thamir, mwana wa wogulitsa palafini wa mumsewu wachitatu. Tsopano ankavala zakuda, ndevu zili zosagwirizana, mfuti ili pamsana, anyamata anayi ali pambuyo pake. Ndiye anali mkulu wa a zakuda m'dera lonselo.

"Wapachika ndiwe chithunzicho?"

"Ndi ulemu umenewo, azakhali. Ndi shahidi wathu, anafera chipembedzo."

"Wanu? Anafera botolo la gasi. Mfutiyo anaigwira liti? Mwana amene ankathawira padenga nkhuku ikamaphedwa? Chotsa."

Mmodzi mwa anyamatawo anaseka. Thamir anamuyang'ana kamodzi, kuseka n'kuthera pakhosi.

"Ndamva kuti Falah wakana," anatero Thamir motsitsa mawu. "Ife Loweruka tikupita ku Najaf, kudzera njira za m'minda, m'mbali mwa ngalande. Anzathu ali m'mandamo amadziwa poponda. Bokosi tili nalo, galimoto tili nayo. Lamlungu lisanathe Maitham agona pafupi ndi agogo ake."

Jagi inamulemera Badriya m'manja ngakhale inali yopanda kanthu.

"Ukufuna chiyani? Bambo ako sanathirepo munthu palafini waulere ngakhale dontho."

"Kanthu kakang'ono. Mawa pa mapemphero a Lachisanu aphunzitsi aimirire, anene kuti atula pansi udindo, kuti khonsoloyo ndi ya adani. Iwo akachoka, otsalawo achoka okha. Anthu kuno amawamvera aphunzitsi."

"Iwe sunkawamvera. Masamu unalephera kawiri."

"Anandimenya ndi rula kawirinso. Ndinakhululuka, azakhali. Inu mukawauze."

Anakawauzadi, ali chiimire pakhomo, nsalu asanavule. Radhi anamvetsera mpaka kumapeto.

"Make Maitham, mukudziwa zimene mukunena? Ndikachoka ine, mndandanda wa ufa ndi palafini ugwera m'manja mwa Thamir. Amasiye amene ana awo sali m'gulu lake adzadya chiyani? Ngalande zija zathera pomwepo. Achilendo adzandilemba kuti ndine wa zakuda, a zakuda sadzaiwala kuti ndinamwa tiyi ndi kaputeni. Ndidzakhala wa ndani?"

"Ngalande mwazikumba pa mapu chaka chathunthu, msewu ukununkhabe."

"Zimatenga nthawi."

"Nthawi!" Badriya anaika jagi pansi mwamphamvu. "Anthu osaphunzira ananena chaka. Wogulitsa nsomba ananena zaka ziwiri. Inu odziwa masamu munanena miyezi inayi, pamaso pa anthu, kuti aone kuti mumakhulupirira boma lanulo. Munanena ndinu. Konzani."

Anadziwa kuti wamulasa poipa. Anadziwanso kuti amene anamutuma mwana kukafuna gasi si Radhi, ndipo Radhi sanatchulepo zimenezo ngakhale kamodzi. Koma analibe mphamvu zomumvera munthu chisoni. Ana atatu otsala ankafuna chakudya, madzi ankabwera ola limodzi lokha, masiku anali atatsala anayi. Analowa kukaphika.

Lachisanu masana Badriya anamva zonse ali kukhitchini, kudzera pa chimkuzamawu cha pamzikiti. Anayamba ashehe, kenako phokoso, kenako kachete. Mawu a Radhi anatuluka ngati mmene ankaitanira maina m'kalasi, lililonse palokha. Anati iye, Radhi mwana wa Mohsin, watula pansi udindo. Anati khonsolo ndi dzanja la olanda dziko. Pamenepo mawu anamuthawa, anatsokomola, n'kubwereza. Anthu anafuula, mfuti zinalira m'mwamba. Chakum'mwera kunkamveka mabomba enieni, chapansipansi ngati munthu akukoka kabati m'chipinda china.

Pofika madzulo anzake atatu otsala anali atatula nawonso. Wina anapaka penti yakuda pa chikwangwani cha ofesi ya khonsolo, anyamata n'kutulutsa mipando. Amuna amene sanamupatsepo moni Radhi chaka chonse anabwera kudzamupsompsona m'masaya, pamene mnzake wakalekale, mphunzitsi wa mbiri, atakumana naye pamsewu anawolokera tsidya lina. Radhi anaika fayilo ya ngalande pamwamba pa kabati, n'kukana chakudya.

Loweruka m'mawa a Haji Lafta anafika kubwalo monga analonjezera. Anali nkhalamba yowuma ngati chikuni, yosalankhulalankhula. Pambali pa golo la kumadzulo panali kale maenje atatu atsopano a anthu amene anaphedwa dzulo. A Haji anavula nsapato, anatchula dzina la Mulungu, n'kuyamba kukumba. Badriya anakhala pansi pafupi, nsalu yoyera ili pamiyendo, Radhi ali chiimire kumbuyo kwake.

Fosholo itagunda thabwa lotchinga thupi, a Haji anaisiya n'kuyamba kupalasa ndi manja. Anaweramira pansi, ananunkhiza.

"Ali bwinobwino, mayi," anatero. "Fungo palibe. Nthaka yasunga mawu ake."

Badriya anatseka maso. Akanakonda akanapanda kumuuza.

Nthawi yomweyo inafika takisi yakale, bokosi litamangidwa pamwamba, Thamir ali kutsogolo. Anatsika akumwetulira ngati wabweretsa mkwatibwi.

"Mwaona, azakhali? Ife tikanena tanena. Inu mukhala kutsogolo, aphunzitsi kumbuyo. Tikafika pa rodibuloko mulire ndithu, musachite manyazi. Achilendo sasecha maliro pakakhala mayi."

"Sundiphunzitsa kulira iwe."

Anyamata anamasula zingwe. Badriya ankangoyang'ana chifukwa panalibe china choyang'ana. Anagwira anayi, awiri uku awiri uku, ndipo potsitsa mmodzi anabuula, mitsempha ya m'khosi ili tolotolo. Mabokosi a kumzikiti Badriya ankawadziwa. Ndi matabwa opyapyala obwereka, amapita ndi munthu n'kubwerako. Lopanda kanthu anyamata awiri amalinyamula akucheza. Ili linafika pansi ndi mdidi, fumbi n'kubuka.

Anadzuka, anapereka nsalu yoyera kwa Radhi, n'kupita pafupi.

"Tsegula, ndiyalemo nsalu."

"Tiyala ife, azakhali, musavutike."

"Tsegula."

Anatsegula. Kunja bokosilo linkamufika m'mawondo. Atapisa dzanja m'kati, linagunda pansi chigongono chisanalowe. Matabwa a pansiwo anali atsopano, misomali ikuwala. Ndipo munali fungo limene ankalidziwa, limene ankalichapa m'malaya a Maitham Lachisanu lililonse, fungo la girisi wa zitsulo. Anagwira chakumutu ndi manja onse awiri, mayi amene amanyamula thumba la ufa yekha kuchokera pamsewu. Bokosi silinasunthe.

Anawongoka pang'onopang'ono. Sanakweze mawu.

"Pansipa pali chiyani, Thamir?"

"Azakhali..."

"Ndakufunsa. Mwana wanga ukufuna kumugoneka pa chiyani?"

Thamir anayang'ana anyamata ake, kenako anayandikira. "Abale athu akuphedwa kumandako opanda zida zobwezera. Achilendo ali ndi ndege, ife tili ndi chiyani? Maitham sanamenye nkhondo ali moyo. Mulungu wamupatsa mwayi woti athandize lero. Afikabe ku Najaf, si zimene mukufuna?"

"Ukuti chiyani, iwe mwana?" Anali Radhi. "Ine dzulo ndaimirira pamaso pa anthu..."

"Munaimirira, aphunzitsi, ndipo tinakuthokozani."

Badriya anayang'ana bokosilo, n'kuyang'ana dzenje. Najaf inali maola atatu okha. Mwina akanadutsa. Mwina msilikali wa pa rodibuloko akanaona mayi wolira n'kukweza dzanja. Lamlungu akanakhala atathana nazo, akanagona tulo. Anaziona zimenezo bwinobwino, ndipo anazifuna ndi mtima wonse. Koma anaonanso zina: galu wa achilendo akununkhiza, bokosi likugubuduzidwa pa tara, nsalu yoyera ikumasuka pamaso pa anthu. Kapena helikopita, ndi moto umodzi. Anali ataonapo galimoto yotero pamlatho mu Epulo. Achibale ankatola ndi mapepala a pulasitiki, osadziwa kuti akutola yani.

"Nthaka imadya pang'onopang'ono," anatero. "Imasiya mafupa. Mafupa ndingawakulunge, ndingawanyamule pamiyendo panga. Zako zili pansipazi sizisiya kanthu. Tenga bokosi lako."

"Ganizani bwino, azakhali. Lolemba ndi mkuja."

"Masiku ndimawerenga ndekha."

"Mawu a dzulo sabwezedwa, aphunzitsi. Musaganize zobwerera ku ofesi ija."

"Ofesi yake iti?" anatero Badriya. "Mipando munagawana kale. Choka, ukundiimira padzuwa. Ndipo chithunzi chija ndinati uchotse."

Thamir analoza ndi mutu ku golo la kumadzulo, kumene mabanja a anthu a dzulo anali atayamba kusonkhana. Anyamata ananyamula bokosi lawo, anayi, akubuula, n'kulunjika kumeneko. Chithunzi sanachotse.

A Haji Lafta anali akadali m'dzenje, manja ali m'chiuno.

"Nditani, mayi?"

"Kwirirani."

"Mwatsimikiza? Ndikakwirira lero sindikumbanso mawa. Munthu safukulidwa ngati mbatata."

"Kwirirani, a Haji."

Radhi anayandikira m'mphepete mwa dzenje, nsalu yoyera akadaifungatira. "A Haji, kodi nthaka ingauzidwe kachiwiri? Kuwonjezera masiku?"

Nkhalamba inakanda ndevu. "Zaka makumi anayi ndikukumba, aphunzitsi, sindinaonepo. Sindikuti sizingatheke. Ndikuti sindinaonepo."

Radhi anagwada chomwecho, buluku lake la kukhonsolo lili m'fumbi. Anaika dzanja pa dothi lofukulidwalo. Anatembenukira kwa mkazi wake, ndipo Badriya anaona kuti munthuyu wakalamba m'masiku awiri.

"Ndinene ingati, make Maitham?"

Kum'mwera kabati ija inkakokedwabe. Badriya anamvetsera. Anaganiza za chaka, anaganiza za zaka ziwiri za wogulitsa nsomba, ndipo kwa nthawi yoyamba anakayika ngati nazonso zidzakwane.

"Musanene nambala," anatero. "Simukuidziwa. Inenso sindikuidziwa. Tainamiza kamodzi, basi."

Radhi anakhala chigwadire, dzanja lili pansi, osanena kanthu. A Haji anadikira pang'ono, kenako anatuluka m'dzenje n'kutenga fosholo. Dothi loyamba linagwera pa matabwa ndi phokoso louma. Badriya anatsegula botolo la madzi onunkhira aja, amene anagulira ulendo wa ku Najaf, n'kuwakhuthulira momwemo onse. Anaima mpaka mtumbira unabwerera mmene unalili, thabwa la dzina n'kuzikidwanso. Atatero anamugwira Radhi paphewa.

"Dzukani. Mawondo anuwo mudzandivutitsa nawo ndine."

Anabwerera kunyumba, iye patsogolo, mwamuna pambuyo. Pa ofesi ya khonsolo panali pataima kale mnyamata wa zakuda ndi kope, amayi ali pamzere kulembetsa maina a ufa. Ena anawapatsa moni, ena anayang'ana kumbali. Panalibe amene anafunsa chifukwa chake sanapite ku Najaf.

Radhi anabweza nsalu yoyera m'kabati n'kukagona chafufumimba, nsapato zili kuphazi. Magetsi kunalibe. Madzi anali asanabwere.

Beseni la therere linali pomwe analisiya Lachinayi, pansi pa khoma. Lapamwamba linali litafota, lina litada m'mitu, lapansi litayamba kuterera. Badriya anakokera kampando pamthunzi, anakhala, n'kuyamba kusankha, loola uku, labwino uku. Labwino silinafike ndi theka lomwe. Anatola ulusi wachitatu uja, anapukuta singano pa nsalu yake, n'kubaya therere lotsatira.